Oweta nsomba za m'galasi ndi masamba a mchezo: n'chifukwa chiyani mamembala akukhala chete?

Pa boma la Kasungu pali anthu ochepa amene amaweta nsomba osati kuti apeze ndiwo kapena ndalama, koma kuti aziziyang'ana zikusambira m'thanki yagalasi pabalaza. Ena ndi aphunzitsi, ena amagulitsa m'masitolo, ndipo alipo alimi a madamu a chambo ndi makumba amene anayamba zimenezi chifukwa ana awo ankafuna kuionera pafupi nsomba yamoyo. Ine ndine mmodzi wa anthu amenewa. Kale tinkakumana Loweruka limodzi pamwezi, mwezi uno kwa uyu, mwezi wamawa kwa uje, koma masiku ano tikamemeza msonkhano mipando yambiri imakhala yopanda anthu, pamene pagulu lathu la WhatsApp mayina akuchulukirachulukira. Anthu sanasiye kukonda nsomba ayi. Chasintha ndi malo amene amafunsira mafunso, komanso nthawi imene ali nayo yomvetsera yankho lalitali.

Nkhaniyi imatikhudza Amalawi mwapadera, chifukwa nsomba zimene oweta a m'mayiko ambiri amazinyadira ndi zochokera m'nyanja yathu. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yoposa 700, akatswiri ena amati ingafike 1,000, ndipo yambiri mwa iyo sipezeka kwina kulikonse padziko lapansi. Zotchuka kwambiri ndi mbuna, tinsomba ta m'miyala ta maonekedwe owala, ndipo dzinali linachokera kwa Atonga a m'mbali mwa nyanja ku Nkhata Bay. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, malemu Stuart Grant ankatumiza nsombazi kunja kuchokera kufupi ndi Senga Bay ku Salima. Mu 1980 boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park ku Cape Maclear pofuna kuteteza nsomba zomwezi, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Ku America, ku Britain ndi ku Germany kuli mabungwe a oweta amene akhala akukambirana za mbuna kwa zaka zambiri, monga American Cichlid Association ndi British Cichlid Association. Zimandiwawa kuti mwana wa ku Berlin angathe kutchula dzina la kansomba kachikasu ka Labidochromis caeruleus, pamene mwana wa kwa Santhe kapena kwa Chamama sanaionepo mbuna ikusambira, chikhalirecho msewu wa ku Nkhotakota ukuyambira pakhomo pathu pomwe. Timagulu tating'ono ngati kathu ndi timene tingatseke mpata umenewu, n'chifukwa chake kuzilala kwake sindikuona ngati nkhani yaing'ono.

Tisawanamizire masamba a mchezo. Facebook, WhatsApp, YouTube ndi TikTok zabweretsa zabwino zimene msonkhano wa pamwezi sungathe kupereka. Munthu wa ku Nkhamenya sayeneranso kulipira minibasi kuti adzafunse funso limodzi. Amangojambula nsomba yake n'kutumiza, ndipo pasanathe mphindi zochepa wina wayankha. Achinyamata ambiri amene tili nawo anayamba kukonda nsomba ataona kanema pafoni. Gulu limene lingayese kupikisana ndi foni pa liwiro kapena pa kukongola kwa zithunzi lagonja lisanayambe.

Koma kuweta nsomba m'galasi ndi ntchito yoyenda pang'onopang'ono, ndipo apa ndi pamene yankho lachangu limapweteka. Nsomba imatulutsa amoniya kudzera m'makha ake ndi m'zonyansa zake. M'nyanja madzi ndi ambiri kotero kuti amoniyayo amasungunuka osavulaza kanthu, koma m'thanki amaunjikana n'kukhala poizoni. Chimene chimapulumutsa nsomba ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timene timamera m'sefa (chipangizo choyeretsa madzi a m'thanki) ndi pamiyala: tina timasandutsa amoniya kukhala naitraiti, yemwenso ndi woopsa, ndipo tina timasandutsa naitraiti kukhala naitreti, yemwe savuta kwambiri ndipo amachepetsedwa pochotsa gawo la madzi sabata iliyonse. Kuti tizilomboti tichuluke mokwanira m'thanki yatsopano pamatenga masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi. Madzi a pampopi amakhala ndi klorini wophera majeremusi kuti anthufe timwe bwino, koma klorini yemweyo amaphanso tizilombo tothandizati, ndiye munthu akatsuka sefa yake pampopi mwaukhondo amakhala wagwetsa nyumba imene anamanga mwezi wathunthu. Zonsezi siziwoneka pachithunzi, chifukwa madzi akupha ndi madzi abwino onse amaoneka oyera mbee.

Chaka chatha mnyamata wina wa m'gulu lathu, wongomaliza kumene sukulu, anatumiza chithunzi cha nsomba zake zitasonkhana pamwamba pa madzi zikupuma movutika, ziwiri zitafa kale. Mayankho anagwa ngati matalala. Wina anati athiremo mchere, wina anati ataye madzi onse atsuke thankiyo ndi sopo, winanso anatumiza kanema wa Chingerezi wonena za matenda ena amene sankagwirizana ndi zimene zinali pachithunzipo. Palibe amene anamufunsa funso. Madzulo ake bambo wina wachikulire, mphunzitsi wopuma amene salembalemba pagulupo, anakwera njinga n'kupita kwa mnyamatayo ku Chankhanga. Ine ndinapita nawo. Atafika sanayambe ndi kulangiza, koma anaima pafupi ndi thankiyo, n'kununkhiza madzi, n'kufunsa kuti, "Mwana wanga, thankiyi unaidzaza liti, ndipo nsombazi unaziikamo tsiku lanji?" Mnyamatayo anayankha kuti, "Lolemba lapitali, bambo, ndipo ndinaziika tsiku lomwelo, zonse khumi ndi ziwiri." Anafunsanso za chakudya, mnyamatayo n'kuonetsa chibakera chodzaza. Bambowo anamuuza kuti asiye kudyetsa masiku awiri, azichotsa gawo la madzi tsiku ndi tsiku n'kubwezeramo madzi ogonera, ndipo m'mawa mwake anamubweretsera kachidutswa ka siponji ya m'sefa yawo yakale, kali m'botolo la madzi a m'thanki yawo, kuti tizilombo tija tisamuke nako. Nsomba zotsalazo zinapulumuka.

Siponji ngati imeneyo siingadutse pafoni, ndipo ndikhulupirira kuti gulu lililonse lofuna kusunga mamembala liyenera kuyambira pamenepo, podzifunsa kuti lili ndi chiyani chimene munthu sangachipeze atagona pampando ndi foni m'manja.

Chinthu china chimene gulu lili nacho ndi chikumbumtima cha zimene linaphunzira. Uthenga wa pa WhatsApp umamira msanga. Lero uli pamwamba, mawa wakwiririka pansi pa moni wa m'mawa ndi zithunzi za ukwati, ndipo foni ikabedwa kapena ikafa zonse zimapita nayo. N'chifukwa chake funso limodzimodzi limabwera chaka chilichonse mu Juni: nsomba zanga zasiya kudya, zangokhala pansi, kodi zadwala? Madzi a pamwamba m'nyanja amakhala ofunda, cha m'ma madigiri 24 mpaka 28, pamene kuno kumtunda usiku wa mu Juni ndi Julayi kuzizira kumatha kufika cha m'ma madigiri 10. Mbuna imene ili m'thanki yaing'ono pafupi ndi zenera, magetsi atazima hita yofunditsa madzi osagwira ntchito, imavutika kwambiri. Oweta a ku London sangatiuze mmene tingachitire usiku wotero, koma ife tikudziwa kuti kufunditsa thanki ndi bulangete, kuichotsa pazenera ndi kuchepetsa chakudya nyengo yozizira zimathandiza. Chimodzimodzinso nkhani ya madzi: mbuna zimafuna madzi onga a m'nyanja, a muyeso wa pH (wosonyeza kuchuluka kapena kuchepa kwa asidi m'madzi) wa pafupifupi 8, ndipo madzi a pamjigo wina amasiyana ndi a pamjigo wa mudzi woyandikana nawo. Chidziwitso chotere ndi cha malo ano okha, ndipo ngati sichilembedwa penapake chimafa pamodzi ndi foni ya amene anachinena. Ife tinagula kope lachikuto cholimba, ndipo funso likayankhidwa mokhutiritsa mlembi amalemba tsiku, vuto, chimene chinachitidwa, zotsatira zake, ndi dzina la amene anapereka nzeruyo. Kulemba dzinako poyamba tinkakuona ngati ulemu chabe, koma tinadzaona kuti munthu amene dzina lake lili m'kope amabweranso kumsonkhano.

Tsopano za kukhala chete. Mu 2006 katswiri wa za kagwiritsidwe ntchito ka intaneti, Jakob Nielsen, anafotokoza kuti m'magulu ambiri a pa intaneti, pa anthu 100 alionse, 90 amangowerenga osalemba kanthu, 9 amalemba mwa apo ndi apo, ndipo mmodzi yekha ndiye amalemba pafupifupi zonse. Choncho mtsogoleri wa gulu asadabwe kapena kukwiya akaona kuti olankhula ndi anthu omwewomwewo. Komabe kwathu kuno kukhala chete kuli ndi zifukwa zakezake zimene tingathe kuzichepetsa. Bandulo ndi yodula, ndipo munthu amene wagula yaing'ono sangatsegule kanema aliyense wotumizidwa pagulu. Gulu likadzaza ndi zinthu zosakhudza nsomba, iye amalitontholetsa, ndipo akatero sabwereranso. Chinenero nachonso chimatsekereza ambiri. Mayina a nsombazi ndi a Chilatini, malangizo ambiri ndi a Chingerezi, ndipo mlimi wa damu amene wakhala ndi nsomba zaka khumi, wodziwa kuona madzi ndi maso okha kuti achepa mpweya, amadziona ngati mbuli pamaso pa mnyamata wotchula Aulonocara ndi Copadichromis. Chikhalirecho Copadichromis ndi utaka womwewo umene amaudziwa kuyambira ali mwana.

Chachikulu kuposa zonse ndi manyazi. Kufa kwa nsomba munthu amakuona ngati kulephera kwake, ndipo safuna kukuulula pamaso pa anthu ambiri amene ena sawadziwa n'komwe. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma munthu amafunsa pamene akudziwa kuti sasekedwa. Woyamba kumene akafunsa funso n'kuyankhidwa kuti "zimenezi tinakambirana kale" kapena "bwanji osayamba mwawerenga", sadzafunsanso, ndipo ena makumi angapo amene anawerenga mwakachetechete amaphunzirapo kuti pano sipofunsira. Ine ndimaona kuti yankho loyamba limene mlendo amalandira ndi limene limagamula ngati adzakhale membala kapena dzina chabe. Palinso ulemu wathu, umene ndi wabwino koma umatha kutseka pakamwa: wachinyamata sangatsutse wachikulire pagulu ngakhale akudziwa kuti malangizowo ndi olakwika, ndipo amayi ambiri, amene kawirikawiri ndi amene amadyetsa nsomba abambo akachoka, salankhula pamene abambo achuluka. Tinayesa njira yosavuta: pamsonkhano uliwonse woyamba kulankhula amakhala wodziwa kwambiri, ndipo amafotokoza nsomba imene inamufera iyeyo ndi chimene analakwitsa. Akatero, ena amamasuka.

Anthu a ku Kasungu ndi ku Mchinji si alendo pa nkhani ya magulu. Tili ndi makalabu a fodya, tili ndi banki m'khonde, tili ndi chipereganyu, ndipo magulu amenewa sanafe chifukwa cha Facebook. Mayi wa banki m'khonde salephera kupita kumsonkhano chifukwa ali ndi gawo lake m'bokosimo, ndipo wina amasunga kiyi, wina bokosi, wina buku, kotero kuti mmodzi akajomba ntchito imaima. Gulu la oweta nsomba limene wapampando amachita zonse yekha, kuitana, kuphunzitsa, kuyankha ndi kulemba, limasandutsa ena onse kukhala oonerera, ndipo woonerera amasankha koonera kokoma, komwe ndi pafoni. Ndi bwino kugawa ntchito ngakhale zing'onozing'ono. Kwathu mankhwala oyezera madzi ndi odula ndipo sapezeka pafupi, ndiye tinasonkha n'kugula bokosi limodzi, ndipo amalisunga ndi mtsikana wina wa kusekondale amene amakonda sayansi. Aliyense amabwera kumsonkhano ndi kabotolo ka madzi a m'thanki yake, mtsikanayo n'kuyeza pamaso pa onse. Kuyambira pamenepo sanajombepo, ndipo anthu amene kale ankangomudutsa tsopano amamufunsa kuti, "Achemwali, madzi angawa mukuwaona bwanji?"

Kugawana ana a nsomba ndi chingwe china cholimba. Mbuna yaikazi imasunga mazira m'kamwa pafupifupi masabata atatu, ndipo nthawi yonseyo sidya. Mayi wina wa m'gulu lathu ataona nsomba yake yatupa kukhosi ndipo ikukana chakudya anaganiza kuti ikufa, ndipo anatsala pang'ono kuichotsa. Anzake atapita kukaona anamuuza kuti adikire. Tsiku lina m'mawa anapeza tiana tikuyandama pafupi ndi mwala, ndipo atasendera pagalasi tiana tonse tinathamangira m'kamwa mwa nsomba yaikazi ija. Mpaka lero akamafotokoza zimenezi nkhope yake imawala. Tiana totere timafuna kopita, ndipo malamulo a malonda a Facebook saloleza kugulitsa nyama zamoyo, choncho gulu lokumana pamaso ndi malo oyenera osinthanirana.

Apa pali udindo umene ambiri sauganizira. Mbuna za mitundu yosiyana zikaikidwa m'thanki imodzi zimatha kuswana, ndipo ana ake amakhala osakanizika, osafanana ndi mtundu uliwonse wa m'nyanja. M'nyanjamo mbuna zambiri siziwoloka mchenga kapena madzi akuya, ndiye gulu lililonse la miyala limakhala ndi nsomba zakezake, n'chifukwa chake oweta osamala amalemba dzina la nsomba pamodzi ndi malo amene makolo ake anachokera. Kusamala kumeneku si kudzionetsera. M'zaka za m'ma 1960 mbuna za mtundu wa Cynotilapia afra zochokera kumpoto kwa nyanja zinatayidwa pachilumba cha Thumbi West kufupi ndi Cape Maclear, ndipo patapita zaka akatswiri anapeza kuti zinaswana ndi mbuna za pomwepo. Munthu wogula nsomba kwa mlendo wa pa intaneti alibe njira yodziwira mbiri yake, koma m'gulu lodziwana wina akhoza kunena kuti tiana iti ndi ta nsomba ija inachokera kwa aphunzitsi, ndipo kope limachitira umboni.

Kumbali ya chitetezo cha madzi athu, gulu ndi lofunika koposa. Mtsinje wa Bua umayambira ku Mchinji, n'kudutsa m'malire a Kasungu, n'kukathira m'nyanja ku Nkhotakota, ndipo mpasa zimakwera mtsinje umenewu kukaswana. Chilichonse chimene munthu wataya m'dambo la kuno chili ndi njira yokafikira kunyanja. Lamulo la za usodzi la 1997 limaletsa kuthira nsomba zachilendo m'madzi a dziko lino popanda chilolezo, ndipo chifukwa chake chimaoneka ku Nyanja ya Victoria, kumene nsomba yolusa ya Nile perch inalowetsedwa m'zaka za m'ma 1950 n'kuthandizira kutha kwa mitundu yambirimbiri ya nsomba za m'banja limodzi ndi mbuna zathu. Munthu amene watopa ndi nsomba zake zochokera kunja amaganiza kuti kuzitaya mumtsinje ndi chifundo, ndipo ngati palibe anzake omuuza kuti azibweretse kugulu wina azitenge, adzachitadi zimenezo. Tikumbukirenso chaka cha 2020, pamene matenda a nsomba otchedwa EUS anabuka ku Mchinji, nsomba za mu Bua ndi m'madamu zikutuluka zilonda zofiira, mpaka boma linaletsa kugwira, kugulitsa ndi kunyamula nsomba m'madera okhudzidwa. Matendawa amayamba ndi nkhungu ya m'madzi yotchedwa Aphanomyces invadans, amakula m'nyengo yozizira, ndipo amatha kuyenda ndi maukonde, ndowa ndi nsomba zosamutsidwa. Nthawi ngati imeneyo zithunzi ndi mphekesera zimathamanga kwambiri pafoni, koma chimene woweta amafunikira ndi munthu wodalirika womuuza kuti asabwereke kaukonde ka mnzake, ndipo nsomba yatsopano ayambe waisunga payokha masabata angapo. Kuitana mlangizi wa za nsomba wa paboma kuti adzalankhule kamodzi pachaka kumadzaza mipando kuposa uthenga uliwonse wokakamiza anthu kubwera.

Sindikunena kuti tichoke pa WhatsApp. Tikanatero tikanataya achinyamata onse ndi anzathu a kutali. Chimene tinagwirizana n'chakuti foni ikhale mthenga wa gulu. Pagulupo timalola za nsomba zokha, kuti bandulo ya munthu isathere pa zina. Wofunsa amayamba wanena kukula kwa thanki, tsiku limene anaidzaza, kuchuluka kwa nsomba ndi chakudya chimene amapereka, ndipo woyankha amayamba ndi kufunsa asanalangize. Timalimbikitsa mauthenga a mawu m'Chichewa, chifukwa bambo amene sangalembe ndime yaitali ndi zala amatha kufotokoza bwino kwambiri akamalankhula, ndipo dzina la Chilatini likatchulidwa pamakhala wina wonena dzina lathu ngati lilipo. Funso lovuta silitsekedwa pafoni, koma limasungidwa kuti likakambidwe pamsonkhano, pakhomo pa mwini vutolo, thanki ili pamaso pa onse. Za chakudya, mwachitsanzo, tinakangana sabata yonse pafoni osamvana, koma titakumana n'kuona mbuna zikupala ndere pamwala ndi timano tawo, aliyense anamvetsa chifukwa chake zambiri mwa izo zimatupa mimba zikamadyetsedwa zanyama zochuluka.

Pali zina zimene sitinazithe. Anzathu a ku Mtunthama ndi kwa Chulu amabwera mwa apo ndi apo chifukwa cha mtengo wa ulendo, ndipo nyengo yokolola ndi yogulitsa fodya misonkhano imazilala ndithu. Ena amalowa pagulu kuti angopeza tiana taulere, akapeza n'kuzimiririka. Ndimavomerezanso kuti kulandira mlendo aliyense mwaulemu, kuyankha funso lomwelo kakhumi osatopa, ndi ntchito yolemetsa imene imagwera anthu awiri kapena atatu, ndipo iwonso amafunika wowapumitsa.

Msonkhano wathu wapitawu unachitikira kwa mnyamata uja wa ku Chankhanga. Anatulutsa kope lakelake, mmene amalemba tsiku lililonse limene wasintha madzi, ndipo mtsikana woyeza uja atadonthezera mankhwala m'kabotolo ka madzi ake, sanapezemo amoniya. Panabweranso bambo wina wachilendo, mlimi wa damu wa kufupi ndi Chitete, amene anakhala pagulu la pafoni miyezi isanu osalemba ngakhale liwu limodzi. Mnyamatayo ndi amene anamulandira, n'kumufunsa kuti, "Bambo, kodi makumba anu mumatani nawo mu Juni kukazizira?" Bamboyo anayamba kufotokoza za kuya kwa damu ndi nthawi yabwino yothirira madeya dzuwa litatentha, mlembi n'kutsegula kope. Pobalalika, mayi uja anamupatsa tiana ta mbuna tisanu ndi kamodzi m'kandowa kotseka bwino, ndipo tinagwirizana kuti mwezi wamawa tikakumane padamu lake.